Nchito yobisika imene imacitika foni isanayake

MAFONI a m'manja afika tsopano m'midzi yambiri ya cigawo ca kum'mawa, kuyambira ku Nyimba kufikira ku Lundazi. Makolo amalandirirapo ndalama zocokera kwa ana ao a ku Lusaka ndi ku Migodi, alimi amafunsirapo mitengo ya mbeu, ndipo uthenga wa matenda kapena wa maliro umene kale unali kudikira basi ya mawa, lero umafika dzuwa lisanalowe. Cifukwa ca ici, foni ikakana kuyaka, kapena ikangoonetsa dzina la kampani ndi kuima pomwepo, banja lonse limakhala ngati latsekeredwa m'nyumba.

Munthu akakanikiza batani loyatsira, pamapita masekondi angapo galasi la foni lili lakuda. Ambiri amayesa kuti makina akuwotha cabe, monga momwe anali kucitira mawailesi akale. Koma m'masekondi amenewo mumacitika nchito yovuta koposa, ndipo mbali yaikulu ya nchitoyo ndiyo kugawa malo ocepa kwambiri ndi kusunga malire ake. Akatswiri akalakwitsa pang'ono pogawa malowo, makina a ndalama zambiri amasanduka citsulo wamba.

KALALIKI WOIWALA

Mkati mwa foni, m'dikoda ya wailesi yakanema, ndiponso m'mita ya magetsi yogulira mayunitsi, muli kacipangizo kochedwa purosesa. Iyi ndiyo imawerengera ndi kulamula zonse. Ingayerekezedwe ndi kalaliki wa pa depoti amene ali wacangu kopambana anthu onse, koma ali ndi cilema cimodzi: magetsi akangozima amaiwala zonse, ngakhale nchito imene analembedwera.

Kalalikiyu ali ndi malo awiri osungira zolemba. Oyamba ali ngati kabati ya mabuku, ndipo akatswiri amawacha flash. M'menemo mumakhala zithunzi, nyimbo, manambala a abale ndi malangizo onse oyendetsera foni, ndipo sizifafanizika foni ikazima. Aciwiri ali ngati bolodi la kusukulu, ndipo dzina lake ndi RAM. Kalaliki sagwira nchito ndi buku lili m'kabati. Ciriconse cimene afuna kuwerenga kapena kusintha ciyenera kuyamba calembedwa pa bolodi, ndipo bolodilo limafafanizika lonse magetsi akacoka. Bolodi ndi logawidwa m'timabokosi tating'ono, kalikonse ndi nambala yake kuyambira pa 0. Kabokosi kamodzi kamachedwa baiti, ndipo kamakwana cilembo cimodzi.

Tsono vuto lili apa. Kuti kalaliki atenge malangizo m'kabati, afunika malangizo omuuza m'mene kabati imatsegulidwira. Malangizowo nawonso ali m'kabati momwemo. Bolodi lalikulu nalonso silikhala lokonzeka foni ikangoyatsidwa, pakuti RAM ya mtundu wa DRAM imasunga zolembedwa ngati timadontho ta magetsi timene timatha msanga, ndipo ifunika kutsitsimutsidwa koposa kakhumi pa sekondi iriyonse. Pafunika wina woyamba kuuza makina otsitsimutsawo liwiro ndi ukulu wa RAM imene yaikidwa m'foni imeneyo.

Akatswiri anathetsa vutoli mwa kukwera makwerero. Pa tsiku lopanga purosesa, m'fakitale amadindiramo malangizo ocepa amene safafanizika ndiponso sasinthika, ochedwa boot ROM. Awa amangodziwa kutenga pulogalamu yaing'ono m'kabati ndi kuiika pa kabolodi kakang'ono kamene kali mkati mwa purosesa momwe. Pulogalamu yaing'onoyo ndiyo imadzutsa bolodi lalikulu, ndi kuitana inzake yokulirapo, imene pomaliza imaitana Android kapena Linux. Mapulogalamu odzutsa makinawa amachedwa bootloader. Okonza mafoni m'misika amadziwa limodzi la maina ake, pakuti m'mafoni okhala ndi purosesa ya MediaTek, pulogalamu yodzutsa RAM imachedwa preloader.

Kucepa kwa malo pa khwerero loyamba n'kodabwitsa. Purosesa ya AM335x ya kampani ya Texas Instruments, imene iri m'makina ambiri a m'mafakitale, imalola pulogalamu yoyambayo kutenga makilobaiti 109 okha, pamene kilobaiti imodzi ndi mabaiti 1,024. Cithunzi cimodzi cojambulidwa ndi foni ya masiku ano sicingakwanemo. Kakompyuta ka ana a sukulu kochedwa Raspberry Pi, kamene kanatuluka ku Britain m'caka ca 2012, kanali kuika pulogalamu yake yaciwiri m'malo obwereka ochedwa cache, cifukwa bolodi lalikulu linali lisanadzuke.

WOGAWA MALO

Pulogalamu iriyonse ikamayenda imapempha malo pa bolodi. Mbali yowerenga kabati ifuna malo oikapo zimene yawerenga, mbali yoonetsa dzina la kampani pa galasi ifuna ake, mbali yoyang'ana cingwe ca USB ifunanso ake. Pali kacigawo ka pulogalamu kamene nchito yake ndi ya nyakwawa yogawa minda: kulandira pempho, kupeza malo opanda mwini, kulemba kuti atengedwa, ndi kuwalandiranso mwini wake akatha nawo.

Bootloader yodziwika kwambiri pa dziko lonse ndi U-Boot. Inayamba ndi dzina la PPCBoot m'caka ca 2000 pansi pa utsogoleri wa katswiri wa ku Germany, Wolfgang Denk, ndipo inalandira dzina la U-Boot mu 2002. Imapezeka m'makina ogawira intaneti m'nyumba, m'mabuku amagetsi a Kindle ndi m'zipangizo zina zosawerengeka. Malangizo ake onse ndi osabisa, kotero kuti wophunzira wa pa University of Zambia kapena pa Copperbelt University akhoza kuwawerenga ndi kuwasintha popanda kulipira ngwee.

Mu U-Boot muli ogawa malo awiri. Woyamba amagwira nchito bolodi lalikulu lisanadzuke, ali ndi mabaiti zikwi zocepa cabe. Iye amangopereka malo motsatana, wina pambuyo pa mnzake, ndipo salandiranso malo obwezedwa. Kaonekedwe kake n'kopusa, koma kusunga kaundula wa malo obwezedwa kukadadya malo omwewo amene akusowa. Bolodi lalikulu likadzuka, U-Boot imadzisamutsira kumeneko ndi kupereka nchito kwa wogawa waciwiri, wocokera ku pulogalamu imene Doug Lea wa ku America anayamba kulemba mu 1987. Uyu amalandira malo obwezedwa, ndipo timinda tiwiri toyandikana tikakhala topanda mwini amatiphatikiza kukhala munda umodzi, kuti wopempha malo akulu asabwerere cimanjamanja pamene malo alipo koma ali odukaduka.

Zimene zimacitika malo akatha pa nthawi yodzuka zinaoneka poyera m'caka ca 2004, kutali kwambiri ndi msika uliwonse wokonzerako mafoni. Bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, NASA, linatumiza kagalimoto kodziyendetsa kochedwa Spirit ku dziko la Mars. Kananyamuka mu June 2003 ndi kutera kuciyambi kwa January 2004. Pa 21 January, katangogwira nchito masabata awiri ndi theka, kanaleka kulankhula zomveka ndi akatswiri a ku Jet Propulsion Laboratory ku California.

Cimene cinacitika n'cakuti m'kabati ya Spirit munadzala mafaelo zikwi zambiri, ena otsala pa ulendo wa miyezi isanu ndi iwiri uja. Nthawi iriyonse kompyuta yake ikadzuka, inali kulemba mndandanda wa mafaelo onsewo pa bolodi, ndipo mndandandawo unali kusunga malo ngakhale a mafaelo ofafanizidwa kale. Tsiku linafika pamene mndandanda unapempha malo oposa amene wogawa anali nawo. Kompyuta, poona kuti yalephera, inadzizimitsa ndi kudziyatsanso monga momwe inalangizidwira, ndipo podzuka inagwera m'dzenje lomwelo. Inacita cimodzimodzi koposa ka 60. Coopsa cinali cakuti kagalimotoko sikanali kugona usiku, pamene kalibe dzuwa lodzazira mabatire ake, motero mphamvu inali kutha.

Kunalibe munthu wopita kukakanikiza batani. Uthenga wa pa wailesi unali kutenga pafupifupi mphindi khumi kuti ufike kumeneko. Cinapulumutsa Spirit ndi khomo limene olemba pulogalamu anasiyiratu: lamulo louza kompyuta kudzuka osatsegula kabati konse. Atailamula motero inakhazikika, akatswiri anafafaniza mafaelo osafunika, nakonzanso kabati yonse, ndipo mu February kagalimotoko kanabwerera pa nchito. Kanapangidwa kuti kagwire masiku 90 a ku Mars, koma mau ake omaliza anamveka pa 22 March 2010.

KABUKU KA M'THUMBA

Kugawa malo okwanira ndi theka cabe la nchito. Theka lina ndilo kuona pamene malowo ayambira ndi pamene athera, ndipo pamenepa ndi pamene pagona msampha umene wagwira akatswiri ambiri odziwa bwino nchito yao.

Kalaliki uja ndi wacangu kwambiri kuposa bolodi lake. Nthawi imene amadikira kuti cilembo cimodzi cifike kucokera pa bolodi, akadatha kucita masamu makumi angapo. Motero anapatsidwa kabuku ka m'thumba kolembamo zimene akugwiritsa nchito pa nthawiyo. Kabukuka ndi kamene kamachedwa cache, liu locokera ku Cifalansa lonena za malo obisapo zinthu. Maurice Wilkes wa ku Cambridge analemba za nzeru imeneyi mu 1965, ndipo kampani ya IBM inaiika m'kompyuta yogulitsa, System/360 Model 85, imene inalengezedwa mu 1968.

Kabukuka kali ndi lamulo limodzi losasweka. Kalaliki sakopera cilembo cimodzi. Bolodi lonse ndi lodulidwa m'mizere yofanana, ndipo iye amakopera mzere wathunthu, pobweza amabwezanso mzere wathunthu. Pa purosesa ya ARM Cortex-A9 mzere umodzi ndi mabaiti 32. Pa Cortex-A53, imene iri m'mafoni ambiri otsika mtengo, ndi mabaiti 64. Pamenepo mzere woyamba uyambira pa kabokosi 0, waciwiri pa 64, wacitatu pa 128, wacinai pa 192, mpaka kumapeto. Kalaliki akasintha cilembo, amasintha m'kabuku mokha, ndipo pa bolodi pamatsala zakale kufikira nthawi imene kabuku kadzadzale kapena adzalamulidwe kubweza.

Kalaliki akadakhala yekha pa depoti, sipakadakhala mlandu. Koma palinso mthenga. Kusenza zolembedwa kucokera m'kabati, m'memori khadi kapena pa cingwe ca USB ndi nchito yotopetsa, motero opanga makina anaikamo kacipangizo kena kochedwa DMA, kamene kamatenga zolembedwa ndi kuzilemba pa bolodi pawokha kalaliki ali pa nchito zina. Mthengayu amalemba pa bolodi penipeni, ndipo m'mapurosesa ambiri otsika mtengo iye sadziwa kuti kalaliki ali ndi kabuku. M'makompyuta akulu a m'maofesi muli zipangizo zoyanjanitsa awiriwa, koma m'makina ang'ono ambiri nchito yoyanjanitsayo imasiyidwa m'manja mwa wolemba pulogalamu.

Citsanzo ca manambala cimaonetsa bwino ngoziyo. Memori khadi imapereka zolembedwa m'mitolo ya mabaiti 512. Wogawa malo apereke malo a mtolo umodzi kuyambira pa kabokosi 100, ndiye kuti mtolowo uthera pa 611. Koma mzere wa kalaliki uyambira pa 64 ndi kuthera pa 127. Motero timabokosi 64 mpaka 99 ndi ta kalaliki, mwina osungiramo ciwerengero ca mitolo imene yafika, pamene 100 mpaka 127 ndi ta mthenga. Eni awiri ali pa mzere umodzi.

Kalaliki akopera mzere wonsewo m'kabuku kuti asinthe ciwerengero cake. Mthenga afika, nalemba mtolo watsopano pa bolodi kuyambira pa 100. Pambuyo pake kalaliki abweza mzere wake wathunthu, ndipo pamodzi ndi ciwerengero cake cabwino, alembanso zakale zija pa timabokosi 28 ta mthenga. Palibe amene waba kapena kunama, koma mutu wa mtolo watsopano wafafanizika. Ngati mtolowo unali mbali ya Android, foni idzayesa kutsatira malangizo oduka mutu ndipo idzaima.

Ngoziyo imabweranso kucokera mbali ina. Kuti kalaliki aone zimene mthenga wabweretsa, amalamulidwa kung'amba masamba a kabuku okhudza malowo ndi kukawerenganso pa bolodi. Akang'amba mzere wa 64 mpaka 127 asanaubweze, ciwerengero cake catsopano cimapita ndi tsambalo, ndipo amatsala ndi cakale.

Coipitsitsa pa matenda amenewa n'cakuti sabwera tsiku ndi tsiku. Zimadalira kuti ndani wafika poyamba, kalaliki kapena mthenga, ndipo kusiyana kwao ndi kwa kamphindi kosaoneka. Makina akhoza kuyaka bwino kambirimbiri, n'kudzakana tsiku limodzi. Katswiri akaonjezera mzere umodzi m'pulogalamu kuti afufuze, manambala a timabokosi amasuntha ndipo matenda amabisala, n'kudzatulukira pamene makina ali kale m'manja mwa ogula.

MALIRE OSALIMA

Mankhwala ake ndi amene anthu a kumudzi amawadziwa kale pa nkhani ya minda yoyandikana: kusiya kamzere kosalima pakati. Wogawa malo amauzidwa kuti malo a mthenga ayambire pa ciyambi ca mzere ndi kuthera pa mapeto a mzere. M'citsanzo cija, m'malo moyambira pa 100, mtolo uyambira pa 128 ndi kuthera pa 639, ndiyo mizere isanu ndi itatu yathunthu yopanda mwini wina. Timabokosi 28 ta pakati timasiyidwa topanda kanthu. Wopempha mabaiti 100 amapatsidwa 128, kuti mcira wa mzere wake usagwere kwa mnansi.

Kutaya malo kotere kumapweteka pamene malo onse ndi makilobaiti ocepa, ndipo ndico cifukwa cake sikucitidwa pa pempho liri lonse, koma pa malo okhawo amene mthenga adzafikapo. Njira ina yapafupi ndiyo kulanda kalaliki kabuku kake pa nthawi yodzuka, ndipo olemba bootloader ambiri poyamba anali kucita zimenezo. Koma popanda kabuku makina amacedwa kuyaka, ndipo wogula sakonda kuyang'ana galasi lakuda. Mu 2011 olemba U-Boot anaikamo lamulo lapadera lopemphera malo oyambira pa malire a mzere, ndipo anayenda m'zigawo zowerenga memori khadi ndi USB kukonza paliponse pamene eni awiri anali kukhalira mzere umodzi. Pa mapurosesa ambiri a ARM, U-Boot imalemba cenjezo pamene yalamulidwa kung'amba masamba a malo osayambira pa malire.

Colakwa ca m'bootloader cikhoza kukonzedwa ndi pulogalamu yatsopano, koma ca m'boot ROM cimakhala mpaka makina atatayidwa. Mu September 2019, wofufuza wina wodzicha axi0mX anaulula colakwa cochedwa checkm8 m'mafoni a Apple, kuyambira iPhone 4S ya 2011 kufikira iPhone X ya 2017. Malo olandirira uthenga wa pa cingwe ca USB anali kubwezedwa kwa wogawa, koma mbali ina ya pulogalamu inali kusungabe nambala ya malowo ndi kupitiriza kulembapo, ngati munthu amene wabweza munda kwa nyakwawa koma akubzalamobe. Wodziwa njira, atagwira foni m'manja ndi kuilumikiza pa cingwe, anali kutha kuloweza malangizo ake foni isanadzuke. Kampani yolemera cotero sinathe kukonza mafoni amene anali atagulitsidwa kale, popeza malangizowo ndi odindidwa m'purosesa. Inangotseka khomolo m'mapurosesa otsatira.

FONI IKAKANA KUYAKA

Mwini foni kumudzi sadzakumana kawirikawiri ndi matenda a mizere, pakuti ambiri amagwidwa makina asanatuluke m'fakitale. Foni yoima pa dzina la kampani nthawi zambiri imakhala kuti yadutsa makwerero oyamba bwinobwino, ndipo yalephera pokweza Android, mwina cifukwa kabati yake yakalamba, kapena batire linatha pamene foni inali kulandira pulogalamu yatsopano. Ici ndico cifukwa cake foni imacenjeza kuti isazimitsidwe pa nthawi imeneyo, ndipo ndi canzeru kuyamba kudzaza batire, makamaka kumene magetsi ndi a sola ndipo kunja kuli mitambo.

Wokonza mafoni akanena kuti afuna kufulasha foni, ndiye kuti afuna kulembanso mapulogalamu a m'kabati. Pamenepa mwini foni ayenera kufunsa zinthu ziwiri. Coyamba, ngati pulogalamuyo ndi ya mtundu weniweni wa foniyo. Mafoni awiri akhoza kufanana kunja koma kukhala ndi RAM yosiyana mkati, ndipo preloader ya foni ina ikhoza kulephera kudzutsa bolodi lalikulu. Pamenepo foni imene inali kuonetsa dzina la kampani imakhala yakuda bii, ndipo kuidzutsanso kumafuna luso ndi zipangizo zimene si wokonza aliyense ali nazo. Caciwiri, ngati zithunzi ndi manambala zidzatsala, pakuti kufulasha nthawi zambiri kumasesa zonse za mwini foni. Memori khadi ndi simu khadi ndi bwino kuzicotsa ndi kupita nazo kunyumba.

Ndalama za pa foni zokha sizisowa ndi kufulasha. Sizikhala m'kabati kapena pa bolodi la foniyo, koma m'makompyuta a kampani, zolembedwa pa nambala ya mwini wake. Simu khadi ikaikidwa m'foni ina, ndalamazo zimapezeka monga zinaliri, ndipo wokonza foni safunikira nambala yacinsinsi ya ndalamazo pa nchito yake iriyonse.